Galasi Losaona Zapafupi

Sabata yatha chinakwana chaka chimwalirireni Agogo a Ngondo, bambo awo a amayi anga. Azimayi a kutchalitchi anabwera kunyumba kwathu kuno ku Highfields, mumzinda wa Leicester, tinaimba, tinapemphera, ndipo aliyense ananenapo zabwino. Ena anati anali munthu wofatsa. Ena anati anachita mwayi kumwalirira m'manja mwa mwana wawo. Ine ndinali pakona ndi thireyi ya makapu, chifukwa pagulu mawu anga sakonda kutuluka. Koma wofatsa amene ankamunenayo ine sindinamudziwe. Agogo amene ndinkawadziwa ankathira phulusa pa kapeti tsiku lililonse, ndipo ankakangana ndi amayi mpaka anthu a nyumba yoyandikana nayo kugogoda khoma.

Ndiyambe ndi phulusalo.

Anali ndi kathumba ka nsalu, kochepa ngati chibakera cha khanda, komanga ndi chingwe cha nsapato. Mkati munali phulusa losefa. Ku Namibia, kumene anakhala zaka zambiri akujambula chipululu ndi nyama zake, kathumba kameneka n'kamene kankawauza kolowera mphepo. Ankakagwedeza pang'ono n'kuyang'ana kumene fumbi likupita. Ankati nyama imakumva fungo isanakuone, ndiye wojambula wosadziwa mphepo amangobwerako ndi zithunzi za michira. Kuno ku Leicester ankakagwedezabe m'mawa uliwonse, ali pampando wawo pafupi ndi zenera. Phulusa linkangogwa chowongoka mpaka pansi.

"Akazi anga," ankandiitana choncho, monga amachitira agogo ocheza ndi adzukulu awo, "bwerani mudzaone. Mphepo yafanso lero."

Amayi akamva ankatulukira kukhitchini. "Ababa, kapetiyo ndi ya eni nyumba!"

"Ndiye eni nyumbawo abwere adzatsegule zenera."

Zenera amayi sankalola kuti litsegulidwe. Ankati chifuwa cha Agogo n'chofooka, ndipo mphepo ya kuno si ya masewera.

Agogo anabadwira ku Ntcheu. Ali mnyamata anapita ku Joni kukagwira ntchito ya m'migodi, koma pansi pa nthaka sanakhalitsepo. Ankati tsiku loyamba kutsika, anamva ngati phiri lonse lawakhalira pachifuwa. Anathawako n'kupeza ntchito yophikira ndi kuyendetsa galimoto mzungu wina wojambula zithunzi, ndipo ndi iyeyo anawatengera ku Namibia. Poyamba ankangonyamula zikwama. Kenako anayamba kuona zimene abwana awo sankaziona, mpaka anapatsidwa kamera yakale. Mzunguyo atabwerera kwawo, Agogo anatsala. Ankagulitsa zithunzi zawo m'malo ogona alendo, zina n'kusindikizidwa pa timakadi totumiza ku positi. Kumudzi ankabwerako patalipatali. Amayi amati anthu ankayembekeza kuti munthu wochokera kunja atulutsa mabulangete ndi njinga, koma iwo ankatulutsa envulopu ya zithunzi za mchenga. Agogo aakazi analera amayi okha mpaka tsiku limene anamwalira.

Agogo aamunawo anabwera kuno atadwala sitiroko. Mnzawo wina ndiye anaimba foni, ndipo amayi anakwera ndege kukawatenga. Mwendo wakumanzere unkakokeka, dzanja lakumanzerenso silinkagwira bwino, koma mutu unali wonse. Kubwerera sakanatha. Ku Namibia kunalibe wowasamalira. Ku Ntcheu nyumba inagwa kalekale. Ndipo amayi ankati akangotuluka m'dziko lino, mapepala sadzawalolanso kulowa. Choncho tinawakonzera chipinda chakutsogolo, chapansi, chimene zenera lake limayang'ana kumsewu. Nyumba za kuno n'zolumikizana, mzere wautali wa njerwa zofiira, ndipo kutsidya kwa msewu kuli mzere wina wofanana nawo.

Zithunzi zawo zinkakhala m'katoni kunsi kwa bedi. Sankazionetsa alendo. Ine ankandionetsa chimodzi chimodzi, ndikasamba m'manja. Panali njovu zoyenda mumtsinje wopanda dontho la madzi, zikukumba mchenga ndi miyendo. Panali mitengo yakuda yofa kalekale, itaimabe pa dothi loyera ngati ufa, kumbuyo kwake kuli phiri la mchenga wofiira. Panali nyama ina yonga mphalapala, ya nyanga ziwiri zowongoka ngati mikondo, itaima yokha pamwamba pa mulu wa mchenga. Chinkandidabwitsa n'chakuti nyama zonse zinali zazing'ono, penapake pakona, ndipo chithunzi chonse chinali thambo ndi mtunda. Nditawafunsa chifukwa chake, anati nyama ukaichotsera dziko lake umatsala ndi chithunzi cha pa pasipoti. Anatinso tsiku loyamba pamalo sajambulapo kanthu, amangokhala, kuti malowo awazolowere. Wothamangitsa nyama ndi galimoto sankamuwerengera ngati wojambula. Ntchito yonse, ankatero, ndi kudziwa pokhala, kenako n'kukhalapo mpaka miyendo ichite dzanzi.

Kamera yawo inali yakale, ya filimu, ndipo inali ndi galasi lalitali ngati mkono wanga, lokutidwa ndi nsalu yosuluka ndi dzuwa. Inkaima pa chitsulo cha miyendo itatu pafupi ndi zenera. Tsiku lina analozetsa galasilo ku kabati n'kundiuza kuti ndisuzumire. Ndinangoona chifunga. Analilozetsa kuchitseko, chimodzimodzi. Ndinawauza monong'ona kuti mwina lawonongeka.

"Silinawonongeke ayi. Galasi ili silidziwa zapafupi. Chinthu chikhale patali, m'pamene limadzuka."

Kenako analitembenuzira panja. Ndinaona njerwa zochepa za nyumba ya kutsidya, zooneka bwino kwambiri mpaka timing'alu ndi ndere zomera m'mphepete. M'chipinda monse munalibe chimene galasilo likanachiona. Panja linkangofika pa khomalo n'kuima. Ndinalemba zimenezi m'buku langa lolembamo zimene ndaona tsiku lomwelo, ndipo pansi pake sindinathe kuwonjezerapo kanthu.

Ndikabwera kusukulu sankandifunsa za mayeso. Ankafunsa ngati ndinakwera pamwamba pa basi, poti mabasi a kuno ndi osanja, okhala ndi mipando pansi ndi pamwamba, ndiponso kuti maso anga anafika pati. Ndinkawauza: padenga la sitolo, pa nsanja ya mzikiti, pa nyumba zazitali za m'tauni. Ankamvetsera atatsinzina. Tsiku lina kunja kutayera bwino ndinawauza kuti ndaona phiri kutali, lokhala ndi kansanja pamwamba, ndipo ndikulidziwa chifukwa a kusukulu anatitengerako. Ndi ku Bradgate, kumene agwape a nyanga zanthambi amangoyenda okha popanda khola. Agogo anatsegula maso. Anandifunsa ngati ukaima pamenepo pali khoma lililonse kutsogolo. Ndinati palibe. Anandifunsanso kachiwiri.

Mkangano wawo ndi amayi sunali wa phulusa kwenikweni. Ndinauzindikira Lamlungu lina masana, titangobwera kutchalitchi. Agogo anapempha kuti awatengere kuphiri kuja. Amayi anati sabata imeneyo ali ndi mashifiti otsatizana, adikire.

"Ndakhala ndikudikira chibwerereni," Agogo anatero.

"Inu kudikira mumakudziwa, Ababa. Munkatha sabata yathunthu pamtsinje wouma kudikira njovu. Nanga ine? Chaka chimene ndinakhoza mayeso munalonjeza kuti mubwera. Ndinakhala pa siteji ya basi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, nditavala diresi yatsopano. Basi iliyonse ndinkaimirira."

Agogo sanakane. Anaitana amayi ndi mfunda wawo, monga ankachitira akafuna kuwafewetsa mtima. "Nangondo, chaka chimenecho m'chipululu munagwa mvula. Munamera maluwa. Zimachitika kamodzi pa zaka zambiri."

"Inenso ndinakhoza kamodzi."

Palibe amene anadya bwino tsiku limenelo.

Linali Loweruka la mu Okutobala pamene Agogo anasowa. Amayi ankagwira ntchito usiku kunyumba yosamalira okalamba ku Wigston, ndipo anafika m'mawa n'kupeza bedi loyalidwa bwino, kamera palibe, ndodo palibe. Ine ndinadzidzimuka ndi mawu awo pamasitepe. Tinathamanga msewu wonse, tinafunsa m'timasitolo ta pakona, amayi anaimbira apolisi ndi zipatala. Azimayi a kutchalitchi anatumizirana mauthenga pa foni. Dzuwa litakwera ndithu m'pamene anagogoda a Tembo, aneba athu a ku Chipata oyendetsa takisi, maso ali ofiira ndi tulo, foni ili m'manja. Amayi amawaitana ndi dzina langa.

"Amake Tako, ine nenze niganiza ati muziba! Mudala ananiimika kuseni-seni, ati mwana wanga nipelekeko ku phili. Nawanyamulila na visulo vawo mpaka pa mwala. Ati nikabwele zuba ikafika pamutu."

"Osandiimbira bwanji, a Tembo? Munthu wodwala!"

"Manje munthu mukulu ngati uja, ningamufunse kuti mwana wanu wakuvomelezani?"

Amayi analowa m'galimoto ya a Tembo atavalabe yunifolomu, ine pambuyo.

Tinawapeza chapakati pa phiri, atakhala pamwala, kamera ili kutsogolo kwawo. Anavala jekete yawo ya kutchalitchi yokha. Thalauzi inali itanyowa mpaka m'mawondo, milomo itatuwa. Koma nkhope imeneyo ndinali ndisanaionepo. Kutsogolo kwawo dziko linatambasuka mpaka kumene limakumana ndi thambo, minda, mitengo, madzi onyezimira, ndi Leicester yense ali ngati kamulu ka miyala. Chakumunsi, m'zitsamba zofiirira, munali gwape wamkulu wamphongo ndi akazi ake.

Ine ndinafika poyamba. Sanandipatse moni. Anatulutsa kathumba kaja n'kukagwedeza. Phulusa silinagwe. Linauluka chammbali, kamzere kotalika, mpaka kuzimirira.

"Akazi anga, mwaona? Kuno mphepo ili moyo."

Anandinong'oneza kuti sanajambulebe kanthu. Ankadikira kuti gwape uja akwere pakamtunda, kuti kumbuyo kwake kukhale thambo lokha. Anati watsala pang'ono.

Amayi anafika akupuma movutikira. "Ababa! Ndaimbira apolisi. Ndaimbira zipatala. Ndafunsa ngati alandira mtembo wa munthu wachikuda wokalamba. Mtembo, Ababa, ndi pakamwa panga!"

"Tsitsa mawu, Nangondo. Umuthawitsa."

Ndinaona nkhope ya amayi ikusintha. Ndinkayembekeza kuti akuwa, koma sanakuwe. Gwape anatukula mutu, anatiyang'ana, n'kutsogolera akazi ake kulowa m'mitengo mosafulumira. Amayi anavula chikhoti chawo, anawaveka Agogo, anamanga mabatani onse mpaka m'khosi, n'kunyamula chitsulo cha miyendo itatu chija paphewa. Njira yonse yobwerera m'galimoto munalankhula a Tembo okha, mpaka nawonso anasiya.

Agogo anadwala chibayo ndipo anagonekedwa kuchipatala. Tsiku limene anatuluka anapeza munthu akuika loko watsopano pachitseko, wotsegula ndi kiyi ngakhale uli mkati. Kuntchito kwa amayi zitseko zimatsegulidwa ndi manambala amene okalamba sauzidwa, ndipo amayi ankanena kawirikawiri kuti wawo sadzam'chitira zimenezo. Tsiku limenelo anaima m'khonde atapinda manja, osayang'ana aliyense.

"Ndiye ndasanduka mmodzi wa okalamba a kuntchito kwako," Agogo anatero.

"Mukhale wamoyo, mundide. Zili bwino."

Masana amayi akagona, kiyi ankakhala kunsi kwa pilo wawo. Akapita kuntchito, ankakhala m'thumba mwanga. Agogo ankadziwa zimenezi, ndipo sanandipemphepo ngakhale kamodzi. Ndikadutsa ankangoyang'ana kuzenera, kuti ndisaone ngati akuyang'ana thumba.

A Tembo anabwera kudzapepesa atanyamula kachitini ka phulusa la pa mbaula yawo yowotchera nyama. "Mudala, nakubweletselani katundu wanu. Koma ulendo wina musaniphe na amake Tako." Agogo anaseka, n'kuwathokoza, koma kachitiniko sanakatsegule. Nyengo yozizira itafika anasiya kugwedeza kathumba. Kapeti inayera. Amayi anaziona, ndipo tsiku lina ndinawapeza ataima pakhomo la chipindacho ndi makina opopera fumbi, akuyang'ana pansi popanda chopopa. Analonjeza kuti kukayamba kufunda adzawatengera okha kuphiri, ndi bulangete ndi tiyi wa m'fulasiki. Agogo anangogwedeza mutu. Kundifunsa za pamwamba pa basi anapitiriza, koma ndinkaona kuti ena mwa mayankho anga sakuwamva.

Chinthu chomaliza chimene anapempha chinali chaching'ono. Munali mu Febuluwale, tsiku limene amayi anapatsidwa shifiti ya masana, akukonzeka kupita kuntchito. Anabwera kudzawapatsa mankhwala, ndipo Agogo anawagwira mkono.

"Tasuzumira umu."

"Ababa, ndichedwa."

"Tangosuzumira."

Galasi linali litaloza kwa ine, nditaima pachitseko. Amayi anawerama. "Sindikuona kanthu. Ndi chifunga chokhachokha."

"Ndi mwana wako ameneyo. Iwenso ukaima pamenepo ndimakuona choncho." Anawasiya mkono. "Ukatuluka, kaime kukhoma la kutsidyalo. Ndikufuna ndikuone."

"Ndilibe nthawi ya masewera," amayi anatero, n'kutenga chikwama.

Atatuluka ndinakhoma chitseko, kiyi n'kubwezera m'thumba. Pokwerera basi ndi kumanja, mbali yathu yomwe ino. Koma ndili pazenera ndinaona amayi akuima, akuyang'ana uku ndi uku, n'kuwoloka msewu. Anakaima pa njerwa zija, atapinda manja, akuyang'ana zenera lathu ndi nkhope ya munthu amene akuti fulumirani. Agogo anaika diso pa kamera n'kupotoza galasi pang'onopang'ono ndi dzanja labwino lija. Sanadine batani lojambulira.

"Agogo, achedwa," ndinanong'ona.

"Akundiyang'ana. Dikirani aiwale."

Tinadikira. Kunayamba kuwaza timvula. Anthu ankadutsa, galimoto inadutsa, mayi wina wokankha mwana anawayang'ana amayi modabwa. Ndinkaganiza kuti achoka, koma sanachoke. Kenako kumtunda kwa msewu kunamveka basi. Amayi anatembenuza mutu, manja anamasuka, anatukula chibwano kuti aone ngati ndi yawo. Pamenepo ndinamva kamera ikulira kamodzi.

Basi imeneyo inawasiya. Anaima pokwerera mpaka inabwera ina.

Agogo anamwalira mitengo isanaphukire, m'mawa wina, ali pampando wawo. Kuphiri kuja sanabwererekonso.

Chipinda chakutsogolo chilibe munthu mpaka lero. Bedi tinabweza kumene tinabwereka, zovala tinapatsa ena, kamera ili m'chikwama chake pamwamba pa kabati. Pa kapeti, pafupi ndi zenera, pali timaenje titatu pamene pankaponda miyendo ya chitsulo chija, ndipo amayi akamapopa fumbi amazungulira pamenepo. Kathumba kali pa msomali, kachitini ka a Tembo kali pansi pake chitsekere. Chithunzi chija tinachitsukitsa, ndipo chili pazenera popanda felemu. Muli njerwa, phewa la yunifolomu ndi nkhope ya amayi ikuyang'ana kumtunda kwa msewu. Ndi chithunzi chokhacho mwa zonse za Agogo chimene munthu wadzaza pepala lonse. Alendo akachiona amati amayi akuoneka otopa. Amayi atachiona koyamba anachigwira nthawi yaitali, kenako anati diresi ija ya pa siteji ya basi inali yachikasu.

Kiyi tsopano amangokhala pachitseko, palibe amene amamuchotsa. M'mawa uliwonse amayi akabwera kuntchito amalowa m'chipindacho asanavule nsapato, n'kutsegula zenera, ngakhale kukhale kozizira chotani. Mpando uli pomwe unali. Katani imagwedezeka pang'ono, ndipo kutsidya kuli njerwa zomwe zija.